Munthu Amene Ankaodira Dothi

Ndamva kuti ena mwa inu mukudandaula kuti masiku ano ndayamba kunyada, kuti munthu akaodira pakhomo panga sindiyankha ngakhale ndili m'nyumba momwemo. Ndi zoona, sindiyankha. Koma si kunyada ayi. Sonkhezerani motowo usazime, ndikuuzeni chifukwa chake. Mbali yaikulu ya nkhaniyi si yanga. Ndi ya malemu aNachisale a kwa Chimbalanga, amene ndinkawayendera Lachinayi lililonse tikaweruka ku Mvano. Ndiinena monga momwe iwo anandiuzira, osawonjezera kapena kuchotsa, ndipo pomwe sindikudziwa ndinena kuti sindikudziwa. Ambuye andithandize.

Amuna awo anali aYotamu Kanyumbu, okumba zitsime. Zitsime zambiri za mbali ino ya phiri anakumba ndi iwowo, ndi kakhasu ka mpini waufupi ndi chingwe cha khonje. Anabatizidwa ali mwana ngati tonsefe, koma atakula anasiya kupita kutchalitchi. Sanakangane ndi munthu, anangosiya. Akulu a mpingo atawayendera, iwo anawayalira mphasa, kuwatungira madzi akumwa, alendowo atamwa n'kuwauza mofatsa kuti Chauta amene amakamufunafuna m'nyumba ya malata ija angomumwa kumene m'chikhomo.

Chikhulupiriro chimenechi chinali chawochawo. Sanachitenge kwa sing'anga kapena kudambwe, ndipo sanakope nacho munthu. Ankati anachiphunzira pansi pa nthaka, ali okha m'dzenje, thambo likuoneka ngati kambale kakang'ono kumwambako. Ankati Chauta sakhala kwinakwake n'kumatiyang'ana. Dothi ndi iyeyo, madzi otumphuka m'dothimo ndi iyeyo, chiswe, mphepo, nyenyezi, fungo la mvula yoyamba, zonsezi ndi thupi limodzi lopanda malire limene limapuma pang'onopang'ono. Munthu, ankatero, ali ngati madzi otungidwa m'chikho. Kwa kanthawi madziwo amadziona ngati ali paokha, ali ndi dzina lawo. Kufa ndi kuthiridwanso m'chitsime.

ANachisale ankandiuza zimenezi akuseka, chifukwa iwo anali a mpingo ndithu ndipo ankakonda kuwaputa amuna awo. Akuti tsiku lina akusinja chimanga anawafunsa kuti, "Ndiye abambo a Lakisoni, panopa ndikusinja Mulungu?"

"Eya. Wosinjayonso ndi yemweyo."

"Nanga nsikidzi zinakulumani dzana zija?"

"Pamenepo amadziluma yekha. Wakula, amaiwala nthawi zina."

Chifukwa cha chikhulupiriro chomwechi aYotamu ankaodira chilichonse. Asanalase khasu pansi ankagwada, kuwomba m'manja pang'ono, kunena kuti "Odi," kenako n'kudikira. Asanadule mtengo, odi. Asanawoloke mtsinje, odi. Ankati munthu sulowa m'nyumba ya mwini osaodira. Yankho ankati limabwera: tsamba kugwa, kamphepo kutembenuka, kapena chifuwa kungomasuka. Likapanda kubwera ankanyamula kakhasu kawo n'kukayesa pena, ngakhale mwini malo atakwiya bwanji. Anthu anawapatsa dzina loti aOdi. Koma palibe chitsime chawo chimene chinaphwapo.

Chaka chatha m'nyengo yozizira chifuwa chinawagwira. Ataona kuti sichikusintha, anapita kudambo, kukaodira bango, kulidula, n'kudzisokera mphasa yatsopano. Anaipinda n'kuipatika kutsindwi. Kenako anaitana akazi awo panja, kuwagwira dzanja n'kuliika pansi padothi.

"Nachisale, ndikapita mudzandikulunge m'mphasa ija. Bokosi ayi, simenti ayi. Dothi lindikhudze. Chiswe chikabwera chidzapeze khomo lotsegula."

ANachisale anayesa kuseka, n'kuwauza kuti munthu wouma ngati iwo ngakhale chiswe chidzathyoka mano. Koma amuna awo sanaseke. Ndiye aNachisale anangoti, "Ndamva."

"Kumva kokha ayi."

"Ndidzachita."

Anamwalira mu Okutobala, nyenje zikulira mitengo yonse. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Lakisoni, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anafika ndi galimoto itanyamula bokosi lonyezimira, matumba a simenti ndi amisiri awiri. Ine mwanayo sindimuweruza. Anakula anzake akumuthamangira pambuyo kusukulu, kumufuulira odi, kumuuza kuti aodire mpando asanakhalepo. Ankafuna kuti tsiku limodzi lokha mudzi uone bambo ake ngati munthu wolemekezeka.

Ine ndinali m'nyumba ya siwa pamodzi ndi amayi anzanga, pafupi ndi aNachisale. Ndinawaona akutuma munthu kukaitana Lakisoni, ndinawaona akumunong'oneza kukhutu, ndipo yankho lake ndinalimva ndi makutu angawa.

"Amayi, anthu anatiseka mokwanira. Bambo anga sapita m'mphasa ngati munthu wopanda abale."

ANachisale anayang'ana kutsindwi komwe kunali mphasa ija, kenako anawerama. Pambuyo pake anandiuza kuti akanangoimirira n'kuitsitsa pamaso pa anthu, n'kunena zimene malemu anapempha, palibe akanamutsutsa namfedwa. Koma sanaimirire, ndipo ife tinali titayamba kale nyimbo.

Adzukulu atakumba manda, amisiri aja analowamo n'kuwaka njerwa pansi ndi m'mbali monse, kupaka simenti mpaka kusalala. Bokosi litatsitsidwa anatseka pamwamba ndi chimwala cha simenti. Anthu anayamikira kuti mwana waika bambo ake m'nyumba. Ngakhale nyerere sikanapeza polowera.

Patapita sabata chimetereni, tizinthu tinayamba. M'mawa wina aNachisale anapeza chingwe cha ndowa chitakulungidwa bwinobwino pamwala wa pachitsime, mkulungidwe wa amuna awo, wozunguza pachigongono. Chonsecho mayiwo ankangochisiya chili mbwee. Kakhasu kaja, kamene kankakhala kuseri kwa chitseko, kanasowa. Anafunsa anansi, palibe anakabwereka. Mphasa ya kutsindwi anaipeza itayalidwa pansi pakati pa nyumba. Anaipinda n'kuibwezera, koma kutacha anaipezanso pomwepo, yoyalidwa mowongoka ngati ikudikira munthu. Madzi a m'chitsime cha pakhomo, amene anthu ankachokera kutali kudzatunga chifukwa cha kukoma, anayamba kununkha simenti yonyowa.

Anthu amaganiza kuti zoterezi zimabwera usiku. Izi zinkabwera masana, dzuwa lili paliwombo, nthawi imene munthu ulibe mthunzi. ANachisale anali pakhonde akusankha nyemba pamene nyenje zonse zinaleka kulira nthawi imodzi, ngati wina wazitseka pakamwa. Ndiye kutali, cha kuchulu cha kumalire a munda, anamva mawu otsika.

"Odi."

Kenako kudikira. Anandiuza kuti mawuwo akanatha kuwakayikira, koma kudikirako ankakudziwa. Anakhala nako zaka makumi anayi ndi zitatu. Tsamba silinagwe, mphepo sinatembenuke. Patapita nthawi mawuwo anamvekanso chapambali, patsinde pa mkuyu. Kudikiranso. Kenako nyenje zinayambiranso ngati palibe chachitika.

Zinkatero tsiku lililonse. Lero kudambo, mawa pamwala waukulu wa panjira, mkuja pamtengo wa masuku. Tsiku lachisanu ndi pamene aNachisale anazindikira chinthu chimene chinawaliza kuposa maliro enieniwo. Mawuwo sankaitana iwo. AYotamu ankayenda chinthu ndi chinthu kupempha kulowa, ndipo panalibe chowayankha.

Anandifunsa chifukwa chake. Ndinawauza zoona, kuti sindikudziwa. Iwo anali ndi ganizo lawo. Ankati dothi silikuwadziwa amuna awo chifukwa silinawakhudze, monga momwe sungatsegulire munthu amene waphimba nkhope, ngakhale mawu ake akufanana ndi a m'bale wako. Tinagwada pakhonde pomwepo n'kupemphera. Ndinapempha mtendere wa nyumba imeneyo ndi mtima wanga wonse. Tikutha, iwo ananena ameni, koma maso awo anali kumkuyu.

Tsiku lina panadutsa mayi wogulitsa miphika, wochokera kutsidya, wosadziwa aliyense m'mudzimo. Anatula katundu wake n'kupempha madzi. Atalandira chikho anati, "Amayi, alendo anu aja bwanji simukuwalandira? Aima kalekale pachitsimepo." ANachisale sanacheuke. Anangofunsa kuti alendowo ndi otani. Mayiyo anati nkhope sanaione chifukwa anali atawerama kusuzumira m'chitsime, koma mapazi awo anali otuwa mpaka m'akakolo ngati munthu woponda paphulusa. Akunena zimenezi anayang'ananso kuchitsimeko. Anaika chikho pansi madzi osamwa, kusenza miphika yake, n'kumapita osatsanzika.

ANachisale anayesa zimene munthu angayese. Anamuimbira foni Lakisoni kumupempha kuti atumize mmisiri adzaboole kabowo kamodzi kokha m'mbali mwa manda. Mwanayo anawauza mwaulemu kuti ndi chisoni chabe, adye mokwanira ndi kugona. Anapita kwa mkulu wa adzukulu atanyamula nkhuku. Mkuluyo anakana nkhukuyo, n'kuwauza kuti kumanda salowako popanda maliro, ndipo wotsegula manda aliyense amadziwika dzina lake, asawakakamize kulitchula.

Ndiye m'bandakucha wina anatenga munsi wawo wosinjira n'kulowa okha m'nkhalango ya kumanda. Anandiuza kuti anapeza mzere wa nyerere utafika pamanda aja n'kukhota, kuzungulira, n'kupitirira mbali inayo. Anamenya simentiyo ndi munsi mpaka manja kutuluka matuza, mpaka munsi kung'aluka pakati. Pamwalapo panangotsala kachizindikiro koyera ngati pomwe nkhuku yapalasa. Akutuluka m'nkhalangomo anakumana ndi amayi opita kukatunga madzi. Dzuwa lisanatenthe, mudzi wonse unali utamva kuti aNachisale amapita kumanda ndi munsi. Mawu oti ufiti anayamba kuyenda. Lakisoni atauzidwa anati abwera Loweruka kudzawatenga, azikakhala nawo kutawuni.

Lachinayi la sabata imeneyo ndinawapeza atakhala pakhomo, manja atakulunga nsanza. Anandiuza kuti dzulo lake mawu aja anali pamtondo, masitepe atatu kuchokera pakhonde. Ndinawagwira phewa.

"ANachisale, mukadzamva pakhomo penipeni, chonde musadzayankhe. Pirirani mpaka Loweruka."

"ANangozo," anatero, "zaka zonsezi munthu uja sanagonepo panja pa nyumba yanga. Ngakhale tsiku limene anabwera kuchokera kumowa matope mpaka m'makutu, ndinamutukwana, koma ndinatsegula."

Ndinawauza kuti amoyo ali ndi njira yawo, akufa ali ndi yawo, ndipo amene amaweruza pakati si ife.

"Abambo a Lakisoni ankati chilichonse ndi Chauta. Ndiye kuti inenso ndine dothi lomwelo. Chulu chakana, mkuyu wakana, chitsime chimene anakumba ndi manja awo chakana. Ndikanenso ine, amene ndinawatsekera? Loweruka akanditenga, adzaodira ndani?"

Ndinangowagwira manja otupawo n'kupemphera chamumtima.

Lachisanu chakumadzulo mtima unandikana kukhala pansi, ndinapitanso. Ndinawapeza m'nyumba, atakhala pakati pa mphasa ija, kakhasu kosowa kaja kali pamiyendo pawo. Sindinafunse kuti kachokera kuti.

"Ndawalowetsa," anatero.

Anati masana nyenje zitaleka, mawu anamveka pakhomo penipeni, otopa kwambiri, ndipo iwo anangoti lowani, monga amayankhira munthu aliyense. Sanaone kanthu. Anangomva kuzizira, konga kumene munthu amamva akamatsikira m'chitsime, kukukwera kuchokera kumapazi mpaka pachifuwa, n'kukhazikika pamenepo. Ankanena zimenezi nkhope ili yowala. Ankaganiza kuti zatha, amuna awo apeza polowa.

Ndinakondwera nawo pang'ono, Ambuye andikhululukire. Ndinawapempha kuti tituluke panja akapitidwe mphepo. Anaimirira, kuyenda mpaka pakhomo, n'kuima. Anayang'ana dothi la pabwalo. Kenako anagwada pang'onopang'ono, kuwomba m'manja kawiri, n'kunena kuti, "Odi."

Tinadikira tonse awiri. Nkhuku zinkapalasa, mwana wa anansi ankalira kutali, utsi unkakwera kunyumba zina. Palibe chinayankha. Ndinaona kuwala kuja kukuchoka pankhope pawo. Anabwerera chafutambuyo n'kukhalanso pamphasa.

Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso panja. Lakisoni anabwera Loweruka, koma atafuna kuwanyamula anagwira mphuthu ya chitseko ndi mphamvu imene sinali ya mayi wokalamba, mpaka mwanayo anachita mantha n'kuwasiya. Choopsa chinali madzi. Ndikawapatsa chikho ankachilandira ndi manja awiri, kuchiodira, kudikira, kenako n'kundibwezera. Ndinayesa ndi supuni, ndinayesa phala, ndinawachonderera m'dzina la Ambuye amene ankamuimbira kuyambira utsikana wawo. Ankangotembenuza mutu n'kunena kuti madziwo sanavomere. Anabwera a zaumoyo, anabwera abusa, onse anachita zimene akanatha.

Tsiku lachinayi, milomo itang'ambika, anandikodola kuti ndiyandikire.

"Kulibe woyankha, aNangozo. Kaya anatikwiyira, kaya ndi wamkulu kwambiri moti satimva n'komwe. Abambo a Lakisoni akuti kale ankamva. Pano kuli zii, kumwamba ndi pansi pomwe."

Ndinawauza kuti Mulungu amamva ngakhale pamene ife sitikumva yankho lake. Anandiyang'ana mwachifundo, ngati ine ndiye wodwala. Kenako anagwira dzanja langa n'kulitsitsa mpaka linakhudza dothi lozira la m'nyumbamo. Anati chatsala ndi chimodzi chokha. Dothi likadzakhudza iwo, lidzakhudzanso amene ali mwa iwo.

"Mphasa iyi ikwana awiri. Bokosi ayi, simenti ayi."

Ndinati, "Ndamva."

"Kumva kokha ayi."

Mawu amenewa anatuluka m'kamwa mwawo ndithu, koma anali otsika kuposa mawu awo. Ndinati, "Ndidzachita."

Anamwalira mawa lake, dzuwa lili paliwombo.

Lakisoni anabweranso ndi galimoto ija, bokosi lonyezimira, matumba a simenti, amisiri omwe aja. Ndinamutengera kuseri kwa nyumba n'kumuuza zonse zimene amayi ake anapempha. Anandimvetsera mwaulemu, misozi ikutsika, manja ali kumbuyo.

"Amayi, akunena kale kuti mayi anga anali mfiti. Mukufuna anenenso kuti bambo ndinawaika m'nyumba, mayi n'kuwataya m'mphasa?"

Ine si m'bale wa banja limenelo, ndilibe mawu pamaliro awo. Ndi zimene ndinadziuza ndikubwerera m'nyumba ya siwa. Mphasa ija inali pomwepo, amayi atatu ataikhalira. Ndikanatha kuwapempha kuti asunthe. Ndikanatha kuimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti malemu anandigwiritsa dothi. Mwina akanandiseka, mwina akananena kuti ufiti uja wasamukira kwa ine, koma mwinanso wina mwa akuluakulu akanamva. Ndili mkati moganiza, amayi otsogolera anandikodola ndi maso, chifukwa paja woyambitsa nyimbo ndine. Ndinayambitsa.

Anawaika pambali pa amuna awo, manda ofanana, osalala bwino.

Mvula inabwera, tinalima, tinakolola. Chitsime cha kwa Kanyumbu anthu anasiya kutungako, anachiphimba ndi mitengo. Ine ndinkawatchula onse awiri m'pemphero m'mawa uliwonse, mayina awo onse, ndipo miyezi itapita ndinayamba kuganiza kuti Ambuye anawalandira mwa njira imene ife sitiidziwa.

Chilimwe chino nyenje zitayamba kulira, tsiku lina masana ndikuanika ufa, zinaleka zonse nthawi imodzi. Mawuwo anachokera kudambo la kumunsi kwa nyumba yanga, komwe ndi kutali ndi kwa Chimbalanga. Sindinganene kuti anali a mwamuna kapena a mkazi. Anali ngati anthu awiri akulankhulira m'chikho chimodzi. Kenako kudikira kuja. Sabata yatha anali pankhokwe. Dzana anali pamtengo wa mapapaya kuseri kwa khitchini. Lero m'mawa ndapeza kakhasu ka mpini waufupi katatsamira pamtondo wanga, ndipo sindinakakhudze.

Ndinapita kwa mkulu wa adzukulu, anandiyankha zomwe zija. Lakisoni foni yanga anasiya kuyankha. Ndikupempherabe, ndipo ndikukhulupirirabe kuti alipo amene amamva. Za thupi lalikulu lopanda malire limene aYotamu ankanena, ine sindikudziwa. Ndikudziwa zokhazi, kuti pali anthu awiri amene aima panja, ndipo amene anawalonjeza ndine.

Ndiye abale anga, mukabwera kwathu musaodire. Itanani dzina langa, kapena ingotsokomolani, ndituluka. Mawuwo sindiwaopa kwenikweni, ndi a anthu amene sanandilakwirepo. Ndikuopa pakamwa panga. Mayi anga anandilera kuti munthu akaodira umayankha usanaganize, ndipo dzulo masana, nyenje zitaleka, ndinadzipeza nditapukuta kale manja pachitenje, nditatembenukira kukhomo, pakamwa pali potsegula.